Mwana Wanga wa Thukuta la Mchere

Tinabwerera ku Mecanhelas mvula yachiwiri chibwerere mtendere, ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Lole inatitsitsa pa Entre Lagos pamodzi ndi mabanja ena, aliyense ndi mtolo wake wa makasu, chikwanje, mbewu ya chimanga ndi pulasitiki yofolera. Anzathu ankaimba. Ine nyimbo inandikanika, chifukwa ku Malawi, kuseri kwa msasa umene tinathawirako nkhondo, ndinasiyako manda a mwana wanga woyamba.

Anali wamwamuna, ndipo anamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Ankadya kuposa ana anzake koma thupi osabwera. Chimbudzi chake chinali chonona ngati mwathiramo mafuta, ndipo chifuwa sichinkamuchoka. Mumsasa ana ankafa kawirikawiri, ena ndi chikuku, ena ndi kutsegula m'mimba, choncho palibe amene anafunsa chimene chinatenga wanga. Nanenso sindinafunse.

Amuna anga ndi asuweni anga, mwana wa azakhali anga, alongo awo a bambo. Kwathu ukwati wa pachisuweni si chachilendo. Azakhaliwo ndiwo anaukonza tili mumsasa, akuti nthawi ya nkhondo sumapereka mwana kwa anthu osawadziwa kochokera. Amuna awo anaphedwa pothawa, ana awo ena anabalalika, ndiye pobwerera anabwera nafe n'kumakhala pakhomo pathu. Anali apongozi anga, komabe ine ndinapitiriza kuwaitana azakhali monga ndinazolowera ndili mwana.

Mudzi wathu uli panjira yopita ku Chiuta. Tinaupeza utasanduka thengo. Malo a nyumba ya amayi tinawazindikira ndi mitengo iwiri ya mango basi. Miyezi yoyamba tinkaponda pomwe aponda anzathu poopa mabomba okwirira, ndipo munda tinaulima pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba khasu likagunda mwala. Chimanga chitayamba kucha ndinabereka mwana wamkazi. Ndiye anali woyamba kubadwa m'mudzimo chibwerere, ndipo amayi oyandikana nafe ankalimbirana kumunyamula.

Mcherewo ndinaudziwa nyengo yotentha itafika. Ndinali nditamubereka kumbuyo kuchokera kumunda, ndipo nditamutsitsa n'kuyanika kapulana, nsaluyo inauma ndi mizere yoyera. Pamphumi pake panalinso timiyala toyera ngati fumbi la ufa. Ndinanyambita. Unali mchere weniweni, wowawa ngati wa m'ndiwo zopitirira. Mlongo wake womwalira uja analinso chimodzimodzi, ndipo ndinali ndisanauzepo munthu. Ndinachapa kapulanayo mwamsanga wina asanaone.

Koma zinazo sizinabisike. Chifuwa chinayamba ali ndi miyezi inayi, chouma poyamba, kenaka cha makhololo olimba ngati ulimbo. Chimbudzi chinakhala chonona, chonunkha moti matewera ndinkachapira kutali ndi chitsime. Ankayamwa mpaka mabere kundiwawa, phala ankamaliza mbale yonse, koma mikono inali ngati mapesi ndipo mimba yokha ndiyo inkakula. Tsiku lina azakhali anapeza mbuzi ya anansi ikunyambita miyendo ya mwanayo pamphasa. Anaithamangitsa, koma inabwereranso. Atadabwa anagwira mwendo wa mwana n'kulawa chala chawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, mcherewu wachokera kuti?"

"Sindikudziwa, azakhali."

"Ili ndi tsempho. Mwana satuluka mchere pathupi popanda wina kumulakwira."

Tsempho tonse tinakulira kulimva: bambo kapena mayi akayenda kunja kwa banja mwana akadali wamng'ono, kenaka n'kumugwira kapena kumuthirira mchere m'ndiwo, mwanayo amatsokomola ndi kuwonda mpaka kufa. Nthawi imeneyo amuna anga anali atayamba geni ya panjinga. Ankagula matemba ouma ku Chiuta ndi mchere wotsika pa komboyo, sitima ya pamtunda, ku Entre Lagos, n'kukagulitsa ku Nayuchi, tsidya la Malawi, pobwera n'kutenga shuga ndi sopo. Ankatha masiku atatu kapena anayi osagona pakhomo. Koma azakhali sanaloze mwana wawo. Anati dzanja lothira mchere m'nyumba muno ndi limodzi, ndipo ndi langa.

Anaitanitsa amalume anga, amene anali ankhoswe athu, ndipo tinakhala pansi pa mango m'mawa wina, mwana ali pamiyendo panga. Azakhali anayala nkhani yawo bwinobwino. Anati woyamba anafa chonchi, wachiwiri wayambanso chonchi, ndipo mwamuna akachoka mkazi amatsala ndi ndani? Amalume anandifunsa katatu ngati pali munthu. Katatu konse ndinakana, ndikulira. Ndinaona pankhope zawo kuti sakundikhulupirira. Anati ndikapanda kuulula mankhwala sagwira, ndipo imfa ya mwanayu idzakhala pamutu panga.

Pamenepo amuna anga, amene nthawi yonseyi ankangolembalemba padothi ndi kamtengo, anayankhula osadzutsa mutu.

"Musiyeni. Ndine ndinalakwa. Kuli mkazi ku Nayuchi."

Azakhali anagwira pakamwa. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti bola zadziwika. Ine ndinangoona ngati dzuwa lada. Ndinadzuka ndi mwana wanga n'kulowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkawaphikira amuna anga, kuwachapira, kuwayankha akafunsa, koma kuseka nawo ndinasiya. Tisanakwatirane tinkanyozana ndi kuselewulana monga achitira asuweni, mpaka anthu kumatiseka. Zonsezo zinathera pansi pa mango paja.

Sing'anga amene azakhali anamupeza anapereka mizu yomwa ndi yosamba, n'kulamula kuti mwana asalawenso mchere kufikira chifuwa chitatha. Tinamvera. Ndiwo zake ndinkapatula ndisanathire. Mwanayo atayamba kuyenda ankalondola thumba la mchere wa geni la bambo ake, n'kumanyambita chiguduli chake, ndipo ine ndinkamumenya timanja. Ndikakumbuka zimenezi lero, chakudya chimandikanika.

Chaka chake chachiwiri, mu Okutobala, kunatentha kwambiri. Masana ena ndinamupeza atagona pakhonde, wofooka ngati nsanza, maso atalowa, akusanza chilichonse ngakhale madzi. Amuna anga anatikweza panjinga, ine kumbuyo mwana ali pachifuwa, mpaka kuchipatala cha ku Insaca. Namwino wamwamuna wa pamenepo, amene tonse tinkangomutcha infirimero, anasowa mtsempha pamkono n'kuupeza pamutu. Anapachika botolo la soro, madzi olowa mumtsempha, ndipo dzuwa lisanapendeke mwana anatsegula maso n'kupempha phala.

Ndinafunsa kuti m'botolomo muli mankhwala anji amphamvu chotere.

"Si mankhwala, mayi," anatero infirimero. "Ndi madzi a mchere ndi shuga pang'ono. Thupi lake linauma."

Sindinamuuze za sing'anga. Koma titabwerera kunyumba ndinayamba kumuthirira mchere m'phala mobisa, azakhali akapita kumunda, ndipo kukomoka kuja sikunabwerenso chaka chimenecho.

Chifuwa chokha sichinasinthe. Infirimero anaganiza za chifuwa chachikulu, monga akanaganizira aliyense poona mwana wowonda wotsokomola, ndipo anamuyambitsa mankhwala ake. Miyezi yambiri ndinkayenda ulendo wa ku Insaca, mvula ndi dzuwa, kukatenga mapiritsi. Tinamaliza onse. Mwana anapepukidwa pang'ono, kenaka anabwerera pomwe anali. Nsonga za zala zake zinayamba kutupa n'kukhala ngati timitu ta zibonga, zikhadabo zitapindika. Ndinazindikira ndekha kuti ndikamugoneka chafufumimba pamiyendo panga m'mawa n'kumamuomba pamsana ndi dzanja lofumbata pang'ono, makhololo ankatuluka ndipo ankapuma bwino mpaka masana. Inakhala ntchito yanga yoyamba tsiku lililonse, ndisanasese n'komwe.

Ali ndi zaka zitatu ndinabereka mng'ono wake, wamkazinso. Ameneyu anabadwa wonenepa, anakula osavuta, ndipo kapulana yake inkauma yopanda mzere. Azakhali anati, "Waona? Munthu ataulula, nyumba yayera." Ine ndinavomereza mumtima kuti n'zoona, ndipo mkwiyo wanga pa amuna anga unakhazikika. Wamkulu akatsokomola mpaka kugwada, ndinkawayang'ana iwo, ndipo iwo ankatuluka panja.

Sindikufuna kuti mwana wangayo akumbukike ngati chifuwa chokha. Anali wamwano wokoma, wochenjera kuposa msinkhu wake. Nkhuku zonse za pakhomo anazipatsa maudindo, ina mkulu wa mpingo, ina wapolisi wa pamalire, ndipo ankaziweruza milandu atakhala pa mtondo. Atayamba sukulu, imene nthawiyo inali pansi pa mtengo, anagwira Chipwitikizi msanga n'kumawakonza bambo ake, amene chawo chinali chothyokathyoka chifukwa chokulira mumsasa. Anzake ankamutcha agogo chifukwa cha kutsokomola ndi msana wake wowerama. Tsiku lina ndinamumva akuwayankha kuseri kwa nyumba: "Ngati ndine agogo, bwanji simukugwada pondipatsa moni?" Ankakonda kupita ku Entre Lagos tsiku la komboyo. Bambo ake ankamukhazika pa kaliyala pamwamba pa thumba, ndipo pobwera ankandifotokozera aliyense amene watsika, chimene wavala ndi chimene wanyamula, akupumira pakati pa mawu.

Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anatsokomola magazi. Sanali ambiri, koma anadetsa kutsogolo kwa diresi lake la sukulu. Infirimero anati zamupitirira, ndipo anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Amuna anga anati bola ku Malawi, kumene tikayankhula ndi madokotala m'chinenero chathu popanda womasulira. Tinasiya wamng'ono ndi azakhali, tinawoloka pa Nayuchi, tinakwera sitima mpaka ku Liwonde, kenaka basi mpaka mumzinda.

Tinakhala m'chipatalamo masabata awiri. Anamujambula pachifuwa, anamuyeza makhololo ndi magazi, osapeza chifuwa chachikulu kapena kachilombo kamene anthu ankafa nako kwambiri zaka zimenezo. Tsiku lachisanu kunabwera dotolo wa ana, mayi wachimalawi wa imvi pang'ono, wosathamanga poyankhula. Anagwira zala za mwana n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa za chimbudzi, za kadyedwe, za mwana woyamba uja. Kenaka anafunsa funso limene palibe wachipatala anali atandifunsapo.

"Mayi, mukamupsompsona mwanayu, mumamva kukoma kwanji?"

Ndinayang'ana amuna anga. Ndinayankha motsitsa mawu ngati ndikuulula mlandu. "Mchere."

"Woyamba uja naye?"

"Nayenso."

"Inu ndi bambowa pali chibale?"

"Ndi asuweni anga."

Anakoka mpando n'kukhala pafupi nafe. Anati chipangizo choyezera thukuta kuti atsimikize analibe, koma zonse zimene waona ndi kumva zikuloza matenda amodzi, amene madokotala ambiri kuno sawaganizira chifukwa anaphunzira kuti ndi a azungu. Anawatchula kuti sisitiki faibulosisi. Ndinamupempha kuti anene m'Chichewa, ndipo anati dzina la Chichewa palibe, koma ayesa kufotokoza.

Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. M'mapapo, m'matumbo ndi pakhungu, makoma a tizipindato ali ndi tizipata todutsira gawo lina la mchere lotchedwa kolorayidi. Kumene mchere wapita madzi amatsatira, ndipo madziwo ndi amene amasungunula makhololo kuti azituluka mosavuta. Mwa mwana wathu tizipatato tinapangika molakwika. Choncho m'mapapo makhololo amauma n'kumatirira, tizilombo n'kumaswanamo. M'mimba njira za madzi ogaya chakudya zimatsekeka, n'chifukwa chake amadya koma chakudya chimangodutsa. Pakhungu, mchere umene thupi linayenera kubweza m'kati umatuluka ndi thukuta n'kutayika.

"Nanga anapangika molakwika chifukwa chiyani?" anafunsa amuna anga.

Dotolo anati malangizo opangira tizipatato ali m'kanthu kotchedwa jini, ndipo mwana amalandira tiwiri, kamodzi kwa mayi, kena kwa bambo. Munthu amene ali ndi kamodzi kabwino ndi kena kolakwika sadwala, sadziwanso kuti wanyamula kanthu. Koma anthu awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire tolakwika tokhatokha. Anati mwina ife tonse tinatengera kwa kholo limodzi lakalekale, poti magazi athu ndi amodzi. Analemba dzina la matendawo papepala, pansi pake n'kulemba zilembo zinayi, CFTR, n'kunena kuti limenelo ndi dzina la jiniyo, tikasonyeze achipatala a kwathu.

Ndinafunsa chimene chinali pakhosi panga. "Adotolo, ndiye kuti si tsempho?"

"Ayi, mayi. Mwanayu anabadwa nazo. Zinalembeka tsiku limene munatenga pakati. Palibe chimene inu kapena bambowa munachita."

"Kwathu anatiletsa kumupatsa mchere."

Anatseka maso kanthawi. "Muzimupatsa. Wambiri, makamaka kukatentha."

Za kuchira sanatinamize. Anati mankhwala ochiza kulibe kulikonse. Kumaiko olemera kuli makapisozi othandiza kugaya chakudya ndi mankhwala ena otalikitsa moyo, koma kuno sapezeka. Chimene tingathe ndi kumuomba pamsana kawiri patsiku monga ndinkachitira, kumudyetsa za mafuta ndi nsinjiro, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Amuna anga anafunsa kuti akhala zaka zingati. Dotolo anayang'ana mwana, amene anali kumvetsera zonse maso ali gwa, n'kunena kuti zimenezo sadziwa.

Pobwerera tinadikira sitima pa Liwonde kuyambira m'mawa mpaka masana. Mwana anagona pa kapulana pamthunzi wa khoma, mutu uli pa kathumba kathu. Amuna anga anagula nthochi, anandipatsa, ine ndinakana. Anakhala pansi chapatali pang'ono, monga tinkakhalira zaka zonsezo.

"Mayi a mwana," anatero, "ku Nayuchi kunalibe mkazi."

Sindinamve bwino, kapena sindinafune kumva. Anabwerezanso.

"Kunalibe mkazi. Sindinayendepo ndi munthu wina chikwatirire inu."

"Nanga munaneneranji?"

"Akanakuthamangitsani ndi manyazi. Mwamuna akalakwa anthu amaiwala. Mkazi saiwalidwa."

Ndinawatembenukira. "Zaka zisanu ndi chimodzi! Mwandisiya ndikudana nanu zaka zisanu ndi chimodzi. Simukanandiuza tili awiri m'nyumba?"

Anasenda nthochi imene sanadye. Kenaka ananena chimene mpaka lero sindidziwa ngati ndikanakonda asanene.

"Ine ndinkadziwa kuti si ine. Ndiye ndinkati ngati ndi tsempho, watsala ndani? Ndinkaganiza kuti ndinu. Ndinangoti ndisenze, mwana alandire mankhwala, nkhani ithe."

Ndiye kuti nthawi yonse imene ine ndinkawayang'ana mwana akatsokomola, iwo ankatuluka panja osati chifukwa cha manyazi, koma kuti asandiyang'ane ine. Tinagona mphasa imodzi, tinabereka mwana wina, aliyense akuyesa mnzake wakupha ana ake. Sindinalire pa siteshoni paja. Sitima itabwera ndinanyamula mwana, iwo ananyamula kathumba, tinakhala moyang'anana mpaka ku Nayuchi. Mwana atadzuka anatiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwayambananso?" Bambo ake anati ayi. Iye anati, "Mukunama, nkhope zanu zikuoneka."

Kunyumba tinawafotokozera azakhali ndi amalume zonse, pamodzi ndi bodza la ku Nayuchi. Amalume anangoti zachitika zachitika. Azakhali anakana. Anati anthu akhala akukwatirana pachisuweni kuyambira makolo, bwanji ana awo sanatuluke mchere? Ndinawauza monga anatiuzira dotolo, kuti si asuweni onse, ndi okhawo amene onse awiri anyamula kanthuko, ndipo ngakhale anthu osadziwana akhoza kukumana chotero. Anati madokotala amanena zambiri. Koma mawa lake ndinathira mchere m'phala la mwana iwo akuona, ndipo sanandiletse. Patapita masiku ndinawapeza akusinja mtedza wambiri, zimene sankachita kale, n'kuika nsinjirozo m'chitini pafupi ndi mbale ya mwana.

Infirimero wa ku Insaca anawerenga pepala lija kawiri. Anati dzinalo analimvapo kusukulu koma sanaganizepo kuti angalione ku Mecanhelas. Kuyambira pamenepo tikafika sankatiimika pamzere, ndipo mankhwala opha tizilombo akakhalapo ankatisungira. Nthawi zina kunkakhala kulibe, ndipo tinkabwerera chimanjamanja.

Mwana anakhala zaka zina ziwiri. Chaka choyamba chinali chabwinoko, mpaka ananenepa pang'ono m'masaya. Chachiwiri anasiya sukulu chifukwa mtunda unamukulira. Mng'ono wake, amene anali atamupitirira kale kutalika, ankabwera kudzamuuza zimene aphunzira, iye n'kumamukonza atagona. Kenaka anasiya kugona chagada chifukwa mpweya unkamuthera, ndipo tinkamutsamiritsa pa thumba la chimanga. Milomo inayamba kuda. Kumuomba pamsana kunayamba kumupweteka, nthiti zili pamtunda, ndipo tsiku lina anandigwira dzanja.

"Amayi, lero musandimenye. Mawa."

Ndinamusiya. Mawa lake ananenanso chimodzimodzi.

Anamwalira mu Juni, m'mawa wozizira wa mphepo. Anali atapempha kuti timutulutse padzuwa. Bambo ake anamunyamula n'kumukhazika pakhonde atamufunditsa bulangete, ine ndinapita kukatenga phala. Anamwa masipuni awiri. Anandiuza kuti nkhuku yake yapolisi yalowa m'nkhokwe, ndiithamangitse. Ndinapita kukaithamangitsa, ndipo pobwera ndinapeza bambo ake atamufungatira, akumuitana. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinamuika kumanda a kwathu, pafupi ndi agogo ake aakazi, amayi anga.

Maliro atatha, ine ndi amuna anga tinayesa kukhala monga kale. Chidani chinali chitatha, koma chimene chinalipo chisanabwere sichinabwerere. Tinkalemekezana ngati alendo awiri okumana pa chitsime. Ndinawauza kuti sindidzatenganso pakati. Mwayi umodzi mwa inayi ena angauone wochepa, koma ine unali utandigwera kawiri pa katatu, ndipo mphamvu zoyambiranso ndinalibe. Ndinapita ku Insaca kukayamba jakisoni wolera. Iwo sanatsutse, koma ndinkaona mmene ankayang'anira ana a anzawo pa kaliyala.

Patatha zaka ziwiri ndine ndinayambitsa nkhani. Ndinawauza kuti akafune mkazi wina, wa mtundu wakutali ndi wathu. Anakana miyezi ingapo, kenaka anavomera. Anakwatira mayi wina wa ku Chiuta, wa m'banja la asodzi achiyawo limene ankagulako matemba, ndipo anamanga nyumba kumeneko. Poyamba ankagawa masiku, sabata kuno sabata uko. Ana atayamba kubadwa kumeneko, atatu, onse athanzi, masiku a kuno anachepa okha popanda kukangana.

Azakhali anasankha kutsatira mwana wawo. M'mawa umene ankanyamuka, katundu atamangidwa kale panjinga, anabwerera n'kulowa m'khitchini momwe ndinali. Anaima pakhomo, okalamba, atagwira ndodo.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "ndine ndinakulumikizani. Ndinenso ndinakuloza chala."

Ndinati, "Pitani bwino, azakhali, dzuwa lingakutenthereni panjira."

Anatembenuka n'kutuluka. Anamwalira ku Chiuta mvula yotsatira, ndipo ndinapita kumaliro, ndinaphika nawo ndi mkazi mnzangayo, amene ndi munthu wabwino.

Mwana wanga wotsalayo anakula, anaphunzira mpaka ku Cuamba, ndipo amagulitsa nsalu mumsika wa ku Insaca. Atafika pa msinkhu ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti mwina naye ananyamula kanthu kaja ngakhale sadwala, choncho asadzayang'ane mwamuna wa pachibale ngakhale wakutali. Anakwatiwa ndi Mmakua wa ku Nampula. Amandiitana kuti ndikakhale nawo, koma ine ndinazolowera pano.

Bambo ake amabwera kawiri pachaka, nthawi yosoka udzu padenga ndi nthawi yolambula kumanda. Tsitsi lawo layera, ndipo njinga amaikankha pokwera mtunda. Amabweretsa nsomba, ine ndimawaphikira, timakamba za mvula ndi za mitengo ya zinthu pamalire. Dzuwa likapendeka amanyamuka kuti akafike ku Chiuta kusanade, ndipo ine ndimawaperekeza mpaka pamphambano.